Kukasaka Buku la Kwawo kwa a Duthie

Ulendo wautali kuposa onse umene ndinayendapo pamsewu kuno ku Ulaya sunali wa maliro, ukwati kapena ntchito. Unali wa kabuku kamasamba ochepa, komanga ndi timawaya tiwiri, ndipo mpaka lero anzanga a kutchalitchi akafuna kundiseka amayambira pamenepo. Ine sindikana, chifukwa ndikamafotokoza ndimadzisekanso ndekha.

Zinachitika m'zaka za m'ma 2000, tikukhala ku Tipton m'kanyumba ka lendi pafupi ndi ngalande ya maboti. Mayi a Tadala, akazi anga, anali namwino pachipatala chachikulu cha ku New Cross, ine ndikunyamula makatoni pa weyahausi ina ku Wednesbury. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 kwathu ku Mponela, koma nthenda yowerenga ndinabadwa nayo. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala, mbali zonse ziwiri, kenako n'kuyamba kumva m'thupi zizindikiro zonse zimene alembamo.

Kukhomo loyandikana nafe kunkakhala a Duthie, mkulu wa ku Scotland amene anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafakitale osungunula zitsulo. Akazi awo anali atamwalira, mwana analibe. Iwo ndiwo anayamba kuiona nthenda yangayo, n'kumandibwereka mabuku awo podutsitsa pampanda. Matenda a shuga atawapha maso, ntchito inatembenuka. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapita kukawawerengera, nyuzi poyamba, kenako buku, iwo ali pampando wawo pafupi ndi zenera akundikonza Chingerezi.

Tsiku lina m'shopu ya kaunjika ku Dudley ndinapeza buku la nkhani zolembedwa m'Chisikoti, chilankhulo chimene ndinkawamva a Duthie akung'ung'udza akataya tiyi. Chimayandikana ndi Chingerezi monga Chisena chimayandikirana ndi Chichewa: theka umamva, theka lina limakudutsa ukuliyang'ana. Ndinakonzekera sabata yonse, nthawi ya buleki ndikumawerengera makatoni a kuntchito, amene sanadandaule ngakhale pang'ono. Lamulungu ndinalowa m'nyumba mwa a Duthie ndikuyenda ngati mkamwini amene wagulira apongozi njinga.

Sindinamalize ndi tsamba lomwe.

"Tseka," anatero a Duthie.

"Ndalakwitsa katchulidwe?"

"Katchulidwe kako n'koipa, koma nkhani si imeneyo. Zimenezo ndi za ku Glasgow. Wabwera kudzandiwerengera za anthu a ku Glasgow m'nyumba mwanga?"

"Koma pachikuto alemba kuti ndi Chisikoti, a Duthie."

"Alembe zimene akufuna. Kwathu sitilankhula choncho, ndipo sitilemba choncho." Analozetsa nkhope kuzenera kumene sankaonako kanthu. "Za kwathu sungazipeze m'shopu. Amalemba okha anthu a m'midzi ya asodzi kufupi ndi Fraserburgh, timabuku tating'ono, ndipo timathera komweko. Ine sindidzazimvanso. Pita kwanu, ndatopa."

Kulakwa kwanga kunali kwa Chimalawi chenicheni. Kwathu mwana wa ku Nsanje, wa ku Kasungu ndi wa ku Mangochi akhoza kulankhula mosiyana, wina mbwanda wina nyemba, koma akatsegula buku la kusukulu onse amapezamo Chichewa chimodzi. Ine ndinkayesa kuti dziko lonse lapansi zili choncho, kuti buku la Chisikoti ndi buku la Chisikoti basi. Sindinadziwe kuti ndawakumbutsa kwawo mkuluyo popanda kuwafikitsako.

Lamulungu lotsatira ndinagogoda, osatsegula. Linzake chimodzimodzi. Wailesi yawo, imene inkativutitsa podutsa khoma, inangoti zii. Chakudya chimene ankawasiyira anthu othandiza okalamba chinkabwerera chosakhudzidwa.

"Bambo a Tadala, anthu oterewa ine ndimawaona kuwodi," anatero akazi anga akusita yunifolomu. "Munthu amayamba wasiya kulankhula, kenako kudya. Akapitiriza chonchi masosho weka a boma awatengera ku keya homu, kosungira okalamba, ndipo kumeneko sakakhalitsa."

"Ndiye nditani?"

"Mwaputa ndinu. Mesa mumati palibe buku limene simungalipeze?"

Mawu amenewo ndinali nditanenadi, pagulu, pa phwando la ubatizo ku Coventry. Ndinapita kulaibulale kukafuna Fraserburgh pa mapu. Chala chinakwera, n'kukwera, mpaka chinatsala pang'ono kugwera m'nyanja. Mwayi wake mnzathu wina amene tinkapemphera naye, a Sakala a ku Chipata, anali atasamukira ku Aberdeen, ndipo ananena pafoni kuti pogona palipo.

Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa nyengo yotentha, ngati kuno kuli nyengo yotero. Basi ya ku Tipton inanditula ku Birmingham, n'kuyenda wapansi mpaka ku Digbeth kumene makochi, mabasi a maulendo ataliatali, amanyamukira. Tiketi anali atabukitsa mayi a Tadala kudakali nthawi, choncho inali yotchipa moti ndinayamba kukayikira ngati kochiyo ili ndi matayala onse. M'chikwama munali mandasi, nkhuku yokazinga, buku la ku Glasgow lija, pasipoti, ndi setifiketi ya ukwati. Ndinkapita dziko lina, ndipo munthu amene anagonapo pa bodala ya Mwanza sapita dziko lina chimanjamanja.

Pampando ndinakhala ndi mayi wina wamfupi wachikulire, tsitsi lopaka lofiira, amene asanakhale n'komwe anali atandiuza kale kuti dzina lake ndi Rena, kwawo ndi ku Glasgow, ndipo akuchokera ku Hillfields kukaona mdzukulu wobadwa kumene amene wafanana ndi bambo ake, mwatsoka. Titalowa msewu waukulu wa kumpoto ndinatulutsa buku lija kuti ndione chimene chinawakwiyitsa a Duthie. Mayi Rena anasuzumira kamodzi, n'kundilanda.

Anayamba kuwerenga mokweza. Ndikuuzeni zoona, ndinachita manyazi. Mawu omwe aja amene m'kamwa mwanga ankagwa ngati miyala, m'kamwa mwawo ankathamanga, kukangana, kuseka. Pofika ku Stoke anali akupukuta misozi ndi kansalu.

"Awa ndi amayi anga enieni," anatero akugogoda tsamba ndi chala. "Mpaka kutukwana kwake. Walipeza kuti, mwana wanga?"

Ndinawafotokozera zonse, za a Duthie, za chitseko chotseka, ndi za kumene ndikupita.

"Fraserburgh? Ndinapitako kamodzi ku ukwati. Ndinkangogwedeza mutu ndi kumwetulira, mwina ndinavomera kugula boti osadziwa. Iwe unawawerengera izi a kumeneko? Ndiye uli ndi mwayi kuti saona, akanakugenda nalo."

Titadutsa Lancaster msewu unayamba kukwera mapiri a udzu okhaokha, nkhosa zili mbwee. Pamenepo kochi inayamba kutsokomola. Fungo la mphira wopserera linalowa m'kati, dalaivala n'kupatukira m'mbali, n'kutilamula tonse kuti titsike tikaime kuseri kwa chitsulo cha m'mphepete mwa msewu. Azungu anatsika mwaulemu, aliyense ndi kachikwama kake, palibe amene anafunsa chimene chaonongeka. Palibe bambo amene anavula jekete kuti alowe kunsi kwa kochi. Palibe ngakhale mmodzi amene anamuuza dalaivala kuti vuto ndi fani belt, chinthu chimene kwathu chimanenedwa galimoto isanaime n'komwe.

Ine ndinaona kuti apa pakusowa munthu wodziwa za ngozi. Ndinalowa m'katchire ka m'mbali n'kuthyola nthambi zingapo zamasamba, ndipo ndinali nditakweza kale mwendo umodzi pachitsulo pamene dalaivala anandiona.

"Mnzanga, ukutani ndi masambawo?"

"Ndikufuna ndiike pamsewu, magalimoto adziwe kuti pali vuto."

Anayang'ana masamba, n'kuyang'ana malole amene ankadutsa ngati mphepo, n'kundiyang'ana ine. "Ukaponda msewu umenewu vuto lake ukhala iweyo. Bwerera kuseri kwa chitsulo."

Ndinabwerera ndi nthambi zanga m'manja ngati ndikuchokera ku mapemphero a Lamulungu la kanjedza. Mayi Rena anaseka mpaka anakhala pansi pa udzu.

Tinadikira kochi ina nthawi yaitali. Mphepo ya pamenepo inali yoti imalowa m'jekete n'kukafufuza m'matumba. Anthu anayamba kuyang'ana mawotchi, kenako mafoni, kenako chikwama changa, chifukwa fungo la mandasi silibisika. Ndinatsegula n'kuyamba kugawa. Woyamba kulandira anali bambo wina wamtali, manja ali ndi madontho a penti, amene anati dzina lake ndi Doug, amapenta nyumba ku Walsall koma akupita kwawo ku Dundee. Atadya awiri anaona buku m'manja mwa mayi Rena, n'kupempha kuti aone.

Anawerenga pang'ono, n'kukwinya mphuno. "Wean. Paliponse wean. Kodi ndi dzina la galu?"

"Ndi mwana, ndipo ukudziwa," anatero mayi Rena.

"Mwana ndi bairn. Dziko lonse limalemba bairn, kupatula inu amene mumayesa kuti Scotland imathera pamene mabasi a mumzinda wanu amakhotera."

"Inu a ku Dundee musatsegule pakamwa. Anthu oti mukafuna kunena kuti ine mumangoti eh. Tamverani nkhosa izo, zikukupatsani moni achibale anu."

Ndinayesa kuwalanditsa ndi mandasi, koma ndinaona kuti mkanganowo ukuwakomera onse awiri kuposa chakudya. A Doug anatulutsa pensulo yaikulu kuseri kwa khutu n'kulemba papepala lokulungira mandasi.

"Taona kuno. Mwana wanga anabwera ndi buku la kusukulu lolemba guid, kutanthauza chabwino. Ati aliyense awerenge monga amatchulira kwawo, kalembedwe kakhale kamodzi. Ena amatero. Koma kumene ukupitako ambiri salola zimenezo. Iwo amati gweed, ndipo amalemba gweed, ufune usafune. Pofunsa kuti chiyani, pamene mayi awa amalemba whit, iwo amalemba fit. Mtsikana ndi quine, mnyamata ndi loon. Ukatsegula kabuku n'kuona mawu amenewa, dziwa kuti wafika."

"Nanga boma silinakhale pansi n'kusankha kalembedwe kamodzi?" ndinafunsa.

Apa ndi pamene anagwirizana koyamba. Anaseka onse awiri.

"Lisankhe ka ndani?" anatero mayi Rena.

Funsolo linandikhala m'mutu kochi yatsopano itabwera. Kwathu kalembedwe kanasankhidwa, ndipo kanagwera kufupi ndi pakhomo pathu ife a chigawo chapakati. Ndi chifukwa chake sindinaganizepo kuti munthu wa kuchigwa ku Nsanje amamva bwanji akatsegula buku n'kupeza kuti amayi ake mulibemo.

Titadutsa Carlisle ndinatulutsa pasipoti ndi setifiketi ya ukwati, n'kuziika pamwendo, n'kukonza kolala. Ndinali nditakonzanso ndi mayankho: ndikupita kwa mnzanga, ndibwerera Lamulungu, sindinanyamule nyama yaiwisi. Kochi inangopitirira osachepetsa liwiro. Patapita nthawi mayi Rena anandigwira pamkono.

"Ukudikira chiyani ndi mapepalawo?"

"Bodala."

"Tadutsa kalekale. Sunaone chikwangwani chabuluu chija?"

Ndinabweza mapepala anga mwakachetechete. Ndinamva ngati ndaberedwa. Munthu kulowa dziko lina popanda wokufunsa ngakhale dzina la agogo ako.

Ku Glasgow tinapeza kochi ya ku Aberdeen itapita kale. Mayi wa pazenera la matiketi anandilankhula mwachifundo kwambiri, koma sindinamve ngakhale liwu limodzi, mpaka mayi Rena anaima pambali panga n'kumamasulira Chingerezi kupita m'Chingerezi. Anandiika pa kochi yotsatira popanda kulipiranso. Potsanzikana ndinawapatsa buku lija. Anakana kawiri monga mwa mwambo, kachitatu linali kale m'chikwama.

"Ukawauze bambo akowo kuti mayi wina wa ku Glasgow akuti asiye matama adye," anatero, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Kudikira kwa ku Glasgow kunali kwa pabenchi yachitsulo, nkhunda zikundizungulira ngati zamva za mandasi. Ndinagula tiyi wa mtengo woti kwathu ukanamwetsa msonkhano wonse wa mpingo. A Doug, amene nawonso ankadikira kochi yomweyo, anagona chokhala, pensulo ili kukhutu. Tinakwera, tinadutsa Perth, ku Dundee anatsika atandigwira chanza chonata penti. Kuchokera pamenepo ndinali ndekha ndi nyanja kudzanja lamanja.

Ku Aberdeen ndinafika nthawi ya chakudya chamadzulo itadutsa, koma dzuwa likadali m'mwamba ngati laiwala kulowa. A Sakala anali ataima pa siteshoni manja m'matumba.

"Mudala, mwafika che bwino? Manje imwe, njila yonse iyi chifukwa ya buku? Nikamba zoona, a Malawi muli na mavuto."

Ndinaseka, komanso ndinawamvetsera ndi khutu latsopano. Ine ndi a Sakala timamvana bwinobwino, koma akanati alembe monga alankhuliramu, aphunzitsi anga a ku Mponela inki yofiira ikanawathera.

Loweruka m'mawa ananditenga pa kagalimoto kawo, kamene chitseko cha mbali yanga chinkatsegukira kunja kokha. Tinadutsa Ellon, minda ya barele, kenako fungo la nsomba linatiuza kuti tafika tisanaone chikwangwani. M'shopu yoyamba munali mapositikhadi ndi timabuku ta alendo tondandalika mawu oseketsa a kumeneko. Ndinatsegula kamodzi n'kuona kuti a Duthie ndikawawerengera zimenezi adzakhoma chitseko ndi misomali. Kulaibulale mabuku enieni analipo, shelefu yathunthu, ndipo ndinaona gweed ndi quine ndi maso angawa. Koma mayi wa pamenepo anati sangabwereke munthu wokhala ku Tipton.

Ndiyenera kuti nkhope yanga inagwa moonekera, chifukwa anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana bwino.

"Lero ndi Loweruka. Pitani kuholo ya tchalitchi kumsewu wotsikira kudoko, kuli khofi wa m'mawa. Pakona pamakhala tebulo la timabuku. Koma musakafike n'kugula ngati muli m'shopu. Mukakhale pansi kaye, mukamwe."

Langizo limenelo kwa Mmalawi ndi losavuta. Tinalowa muholo yodzaza ndi amayi achikulire a majuzi oluka, matebulo ataliatali, makapu akulira. Phokoso linatsika pang'ono titalowa, amuna awiri akuda, wina atanyamula chikwama chonunkhira nkhuku yadzulo. Tinaponya kandalama m'mbale ya pakhomo n'kukhala. Anatipatsa tiyi ndi timikate tophwatalala, tamchere, todzaza mafuta, tooneka ngati tapondedwa ndi lole. A Sakala anadya tinayi. Titamwa kapu yachiwiri, mayi wina wowonda wa ndodo, amene anzake ankamutcha Isie, anabwera kudzakhala moyang'anana nafe n'kufunsa chimene tadzera. Anayamba m'chilankhulo chawo, ataona maso anga anasinthira ku Chingerezi chapang'onopang'ono ngati cha kwa mwana.

Ndinafotokoza. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa: "Duthie wake uti?"

"Alec Duthie."

Anatembenukira kwa anzake n'kubwereza dzinalo. Holo yonse inaseka.

"Mwana wanga, muno muli amayi asanu ndi mmodzi amene anakwatiwa ndi Alec Duthie, ndipo si mwamuna mmodzi. M'midzi yathu mayina ndi ochepa, anthu ndi ambiri. Banja lililonse lili ndi dzina lake lapambali, ndipo ndi limenelo timadziwana nalo. Tikapanda kudziwa kuti ndi wa kwa yani, sitidziwa mudzi wake. Ndipo ndikakupatsa kabuku ka m'tauni muno iye ali wa kumudzi, ukabwerera nako."

"Kusiyana kwake n'kwakukulu choncho? Mesa ndi pafupi?"

"Kwa iwe ayi. Kwa iye inde."

Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo dzina lina la a Duthie. Ndinatuluka panja pamene mphepo ndi mbalame za kunyanja zinkalimbirana kulira, n'kuimbira mayi a Tadala, amene mwamwayi anali pa ofu.

"Mupite mukagogode. Mukawafunse dzina la banja lawo lapambali."

"Bambo a Tadala, munthu sakutsegulira aliyense. Ndikalankhule ndi chitseko?"

"Mukalankhulire pa kabowo ka makalata. Fulumirani, mayunitsi akutha."

Ndinamva masilipasi awo pa simenti, kugogoda, kenako mawu awo a kuwodi, aja amene odwala sawakana. Anawauza kuti amuna anga ali ku Fraserburgh, muholo ya tchalitchi, ndipo amayi a kumeneko akufunsa kuti ndinu wa kwa yani. Kenako akazi anga anabwerera pafoni akunong'ona.

"Sanatsegule. Koma afika pachitseko. Akuti Partan. Ndipo afunsa kuti wapitadi, kapena mukundinamiza?"

Nditabwerera muholo n'kutchula dzinalo, limene anandiuza kuti limatanthauza nkhanu, zinali ngati ndaponya chimanga pakati pa nkhuku. Wina anati ndi mlongo wake wa malemu Jeannie. Wina anati ndi uja anathawa nyanja chifukwa ankasanza ngakhale boti lili padoko. Wina anati onse ankayesa kuti anamwalira kalekale ku England. Mayi Isie anaimirira ndi ndodo yawo, n'kupita kutebulo la pakona, n'kudutsa milu iwiri osaiyang'ana, n'kusolola kabuku kachikuto chachikasu. Kanali kotayipa pa makina akale, zilembo zina zitadumphira m'mwamba. Anati analemba ndi mayi wina wa m'mudzi momwemo mwa a Duthie, za ubwana wake, za boti la bambo ake ndi za atsikana otumbula nsomba padoko.

Ndinapisa dzanja m'thumba, koma anaika ndodo pakabukuko.

"Uyambe wawerenga. Sitingakupatse kuti ukakaphe kumeneko."

Ndinaimirira pakati pa holo, makapu atasiya kulira, n'kuyamba: "Fin ma faither's boatie cam hame," kutanthauza kuti boti la bambo anga litabwerera kumudzi. Sindinapite patali. Anandiimitsa pa liwu lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu. Mayi Isie ankatchula, ine n'kubwereza, amayi ena n'kumaweruza ngati akulawa ndiwo. Wina anandiuza kuti nditsegule pakamwa ngati ndikuitana munthu kutsidya kwa doko. Wina anati ndisamameze r, ndizimugubuduza. Pamenepo ndinapeza mwayi umene Mngelezi alibe: lilime la Mchewa siliopa kugubuduza, vuto lake limangosokoneza nthawi yoyenera kutero. A Sakala ankaseka pakona, pakamwa pali mafuta.

"Mudala, limbikilani. Mukapasa apa bazakupasani na boti."

Tinabwereza tsamba loyambalo mpaka tiyi anazizira. Ulendo womaliza ndinadutsa kuyambira pamwamba mpaka pansi popanda ndodo kugunda tebulo. Nditakweza maso, mayi wina kumbuyo ankapukuta magalasi, ndipo enawo anaomba m'manja, pang'ono, monga amachitira anthu a kumeneko, ngati akuopa kuti manja atha. Ine amene mayeso a Fomu 2 anandikana, ndinakhoza muholo ya asodzi kumapeto kwa dziko. Mayi Isie anachotsa ndodo pakabuku, n'kuwonjezera timikate tija m'pepala kuti ndikawapatse a Duthie.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Kochi sinafe, bodala sindinaidikire, ndipo kuyambira ku Aberdeen mpaka ku Birmingham ndinkang'ung'udza masamba anga moti mnyamata amene anakhala nane anasamukira mpando wina tisanafike ku Perth.

Ndinafika ku Tipton Lamulungu madzulo, dzuwa likadalipo. Sindinalowe n'komwe m'nyumba mwathu. Ndinagogoda kwa a Duthie, osayankha. Ndinagwada pa simenti, n'kukankha kabowo ka makalata ndi chala, n'kuyamba kuwerenga momwemo, mokweza, ngati ndikuitana munthu kutsidya kwa doko. Mzungu wina wodutsa ndi galu anawolokera mbali ina ya msewu.

Ndili pakati pa tsamba lachiwiri ndinamva loko akutembenuka. A Duthie anaima pakhomo atavala juzi lopindika kolala, ndevu zosameta, ataonda moti ndinachita mantha.

"Bwereza pamene wanena za boti."

Ndinabwereza, ndikadali chogwada.

"Lobiriwira? Walemba kuti boti la bambo ake linali lobiriwira?" Anagwira chitseko mwamphamvu. "Ameneyo ndi Bella. Tinali kalasi imodzi. Boti limenelo linali lakuda, ndipo linkadontha. Anali wabodza kuyambira ali mwana. Dzuka pamenepo, ukundichititsa manyazi kwa anthu. Lowa."

Tinakhala pamalo athu akale. Ndinawaika pepala la timikate m'manja. Analinunkhiza nthawi yaitali, kenako anandilamula kuti nditereke ketulo. Anadya kamodzi ndi theka ndikuona. Ndinkawerenga mzere, iwo n'kundiimitsa, mwina kukonza lilime langa, mwina kukonza mabodza a Bella. Bambo ake a Bella sanagwirepo nsomba zochuluka choncho. Mphunzitsi amene akumutamayo ankamenya ana ndi lamba. Mtsikana amene akuti anali wokongola kuposa onse padoko, pamenepo pokha Bella wanena zoona, ndipo apa a Duthie anangondiuza kuti ndipitirize. Mawu awo, amene poyamba ankatuluka ngati a m'botolo, anakula mpaka mayi a Tadala anandiuza pambuyo pake kuti ankawamva podutsa khoma, ndipo anazimitsa wailesi yathu kuti amve bwino.

Titafika pakati pa kabuku ndinatseka, n'kunena kuti zotsalazo tidzamaliza Lamulungu likudzali.

"Lamulungu n'kutali," anatero a Duthie akufufuza kamkate kotsala m'pepala. "Ubwere Lachitatu ukaweruka. Amayi aja akuphunzitsa za m'tauni, loon. Pali ntchito yambiri yoti ndikonze."